Chingwe cha Abambo

Kwathu ku Mlangeni, chiperoni chikayamba, abambo ankamveka asanaoneke. Ukakhala pakhonde unkamva kaye kakhweru kochokera m'chifuwa mwawo, kenako ndodo, kenako eni akewo akutulukira kuseri kwa khola. Adagwira ntchito ku migodi ya ku Joni ali mnyamata, ndipo adabwerako ndi jekete lalikulu, chitoliro chachitini, ndi fumbi m'mapapo. Jekete lidang'ambika n'kusanduka chogonera galu. Chitoliro chidafwifwa pamene pamakhala zala. Fumbi lokha ndi limene silidathe, ndipo m'zaka zawo zomaliza ndilo linkalamula pakhomo pathu.

Tidali ndi kagulu koimba zitoliro, anthu anayi a banja limodzi. Padali abambo. Padali amalume, mlongo wawo wa amayi, amene adapuma ntchito ku bandi ya asilikali ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Padali msuweni wanga, mwana wa amalumewo, amene amagulitsa kachewere pamsewu ndipo ali ndi chifuwa ngati cha ng'ombe. Wachinayi ndidali ine, mphunzitsi wa kupulayimale, amene ndidalowa m'gululi chifukwa ndili mtsikana ndidagwidwa ndikuba chitoliro cha abambo, ndipo chilango chake chidali kuchiphunzira. Amalume adali ndi chitoliro chawo chachitsulo choimbira chambali, chokhala m'kabokosi. Ine ndi msuweni wanga tinkaimba zopanga tokha, zina zansungwi, zina za mapaipi a madzi, zoboola ndi msomali wamoto.

Chaka chilichonse anthu akatha kukolola tinkabwereka holo ya kumpingo, n'kuitana anthu kuti adzamve nyimbo zathu. Padalibe ng'oma, padalibe mawu, padalibe kuvina. Munthu unkangokhala pabenchi n'kumvetsera. Kwa anthu a kwathu, amene akamva chilichonse cholira phazi limayamba lokha, zimenezi zidali zachilendo, moti chaka choyamba mayi wina adadikira mpaka kumapeto n'kufunsa kuti, "Nanga zenizenizo muyamba nthawi yanji?" Komabe ankabwera. Ena ankabwera kudzathawa mphepo, ena kudzaona amalume atavala tayi, koma padalinso ochepa amene ankatseka maso n'kumamva ndithu.

Lamulo la gululi lidali limodzi, ndipo adaliika ndi abambo: nyimbo iliyonse ikhale yatsopano, yopeka ife tomwe, ndipo ikaimbidwa pamaso pa anthu kamodzi, yatha. Sitinkabwereza. Amalume ankadandaula kuti kumeneko n'kutaya chuma, chifukwa iwo nyimbo zawo ankazilemba bwinobwino pamizere, ndipo zidali zokoma ndithu. Abambo ankangoti, "Alamu, ndiwo zadzulo sapatsa mlendo." Nkhani inkathera pomwepo.

Amayi ankadana nacho chitoliro, ndipo sankabisa. Adalera ana okha zaka zonse zimene abambo adali ku Joni, akulima chimanga ndi kachewere ndi mwana kumsana. Mwamuna atabwerako adabwera wotsokomola. Dokotala wa pachipatala chaching'ono cha kwathu atanena kuti mapapo atha ndipo akufunika kuwasunga, amayi adaona kuti apeza mboni. Tsiku lina abambo akupukuta chitoliro chawo pakhonde, amayi adaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Inu, mpweya wambiri mudakausiya ku Joni. Wotsalawu ndi wa pakhomo pano. Ndiye mukuuthiranso m'chitini?"

"Ndiusungire chiyani, mayi? Mpweya sasunga m'nkhokwe."

"Muusungire ine," adatero amayi, n'kulowa m'nyumba.

Ine ndidaseka tsiku limenelo, chifukwa makolo anga adakhala akukangana motero moyo wanga wonse. Pano sindiseka ndikakumbukira.

Chaka chimenecho abambo adapeka nyimbo imene adaitcha Chingwe. Adatifotokozera tili m'kalasi mwanga ana ataweruka, mmene tinkakonzekeramo. Adati ku mgodi anthu amatsikira pansi atakwera chikepe chomangidwa kuchingwe chachitsulo, ndipo chingwecho chimalira liwu limodzi losasintha kuyambira pamwamba mpaka pansi. M'chikepemo amuna akuluakulu ankakhala chete kumvetsera. Chingwe chikamalira, ndiye kuti muli moyo. Abambo sankakonda kukamba za ku Joni, ndipo aka kadali koyamba kuti ndiwamve akunena kuti ankachita mantha.

Nyimboyo idali yotere. Munthu mmodzi ankagwira liwu limodzi lalitali, chingwe chija, pamene enafe tinkaimba tinyimbo tatifupi pamwamba pake. Koma palibe munthu amene angauzire osapuma, choncho tinkalandirana. Wogwira chingwe akaona kuti mpweya ukutha ankakweza chigongono, ndipo wotsatira ankalowa pa liwu lomwelo mwakachetechete, kuti womvera asadziwe kuti lasintha mwini. Msuweni wanga ankapatsira amalume, amalume ankapatsira abambo, abambo ankapatsira ine. Chakumapeto tinyimbo tija tinkatha kamodzikamodzi, n'kutsala chingwe chokha chikuyenda kuchoka kwa wina kupita kwa wina mpaka kudzathera pa ine. Ndi nyimbo yabwino kuposa zonse zimene tidaimbapo, ndipo ndikunena izi osati chifukwa adali abambo anga. Amalume amene, omwe sayamika chinthu chosalembedwa, atamva koyamba adavula magalasi n'kukhala nthawi akuwapukuta.

Vuto lidali poonekera. Pamene tinkayamba kukonzekera, abambo ankagwira chingwe kwa kanthawi ndithu. Chiperoni chitalimba, gawo lawo lidayamba kufupika. Liwu linkayamba bwino, kenako linkanjenjemera, kenako linkaduka, chigongono chili pansi. Sankachikweza msanga. Ankalimbana nalo mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, ndipo akaduka ankatsokomola atagwira desiki, ife tikuyang'ana pabolodi ngati pali cholembedwa chofunika.

Amalume adayesa mwaulemu. "Alamu, bwanji mwanayu azilowa msanga pansi panu? Muziimba awiri. Palibe angadziwe."

"Ndidziwa ine."

"Nanga mukaduka pamaso pa anthu?"

"Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Chigongono n'changa. Wina asalowe ndisanakweze." Adatembenukira kwa ine. "Wamva, iwe?"

Ndidati ndamva. Mumtima ndidapsa nawo mtima kwambiri, chifukwa kuuma mutu kwawoko katundu wake ankasenzetsa ine. Ine ndi amene ndinkaima pambali pawo chitoliro chili pamlomo, ndikumva mpweya wawo ukutha, ndili nawo wanga wodzaza chifuwa, osaloledwa kuwapatsa.

Patatsala masiku ochepa, amalume adandipeza kumunda ndikukumba kachewere. Adatsika panjinga, n'kuima m'mphepete kuti nsapato zisade.

"Nkhanga zidapangana kusanapse," adatero. "Ukamva liwu layamba kunjenjemera, lowa pansipansi. Usadikire chigongono."

"Adandiletsa, amalume."

"Adakuletsa ali ndi ife atatu. Muholo mukhala anthu a mudzi wonse. Ufuna bambo wako achite manyazi pamaso pa adzukulu ake? Ine ndaonapo munthu akuduka pagulu. Sachira."

Sankanena mwankhanza. Ankawakonda alamu awo, ngakhale adatha zaka akunyozana. Ndidangopitiriza kukumba, ndipo iwo adatenga zimenezo ngati kuvomera. Nditafika kunyumba ndidapeza amayi nawonso akundidikira ndi zawo. Iwo sankafuna zolowa msanga kapena mochedwa. Ankafuna kuti ndikauze gulu lonse kuti abambo saimba. Adati ngati tiwaimika pamphepo ya muholo muja, iwo sapondako phazi, sangapite kukaonerera mwamuna wawo akubanika anthu akuomba m'manja. Aliyense adali ndi chimene ankafuna kuti ndichite, ndipo palibe adandifunsa ngati ine ndikugona tulo.

Tsikulo lidafika ndi chifunga. Kadali kamvula kaja kosanyowetsa koma kolowa m'mafupa, ndipo mapiri sankaoneka. Msuweni wanga adawatenga abambo panjinga atawafunditsa bulangete, chifukwa kamtunda kokwera kutchalitchi sakadakatha wapansi. Amayi adatsala akusesa pabwalo pamene adali atasesa kale.

Anthu adabwera ambiri ndithu masana amenewo. Mabenchi adadzaza, ana adakhala pansi kutsogolo, ndipo muholo munkanunkha zovala zonyowa ndi utsi. Msuweni wanga adatsamiritsa foni yake pampando pafupi ndi abambo kuti ijambule mawu. Tidayamba ndi nyimbo ya amalume, yothamanga, yodzaza timaluso tawo, ndipo anthu adaikonda. Kenako yanga, imene ndidapeka potsanzira ana akamaloweza mawerengero, ndipo ana adaizindikira n'kuyamba kuseka. Ya msuweni wanga idali yaphokoso ngati mwini wake. M'nyimbo zonsezi abambo adali ndi tizigawo tating'ono, ndipo ankaimba atakhala pampando. Ndili mkati moimba ndidaona chitseko chakumbuyo chikutseguka pang'ono. Amayi adalowa ndi fulasiki m'manja, n'kukhala kumapeto kwa benchi yomaliza, pafupi ndi khomo, ngati munthu amene wangodutsa.

Itakwana nthawi ya Chingwe, abambo adakankha bulangete n'kuimirira. Sitidapangane zoimirira. Amalume adandiyang'ana, ine ndidayang'ana pansi.

Msuweni wanga adayamba liwu lija, lokhuthala, losagwedezeka. Ife tidayala tinyimbo tathu pamwamba. Chingwe chidapita kwa amalume, n'kufika kwa abambo, ndipo adachigwira bwino, chigongono chidakwera pa nthawi yake, ine n'kulandira. Ulendo wachiwiri liwu lawo lidali lopyapyala koma lidafika. Muholo mudali zii. Ngakhale makanda adakhala ngati auzidwa. Ndidayamba kuganiza kuti mwina tidutsa.

Kenako tinyimbo tidatha, n'kutsala chingwe chokha. Msuweni wanga adapatsira amalume. Amalume adachigwira nthawi yaitali kuposa masiku onse, nkhope mpaka kufiira, kuti alamu awo apeze mpata wokoka mpweya. Ndidaona zimenezo ndipo sindidzaiwala. Atakweza chigongono, abambo adalowa.

Liwu lidayenda pang'ono n'kuyamba kunjenjemera. Amalume adandiponda chala ndi nsapato yawo. Chitoliro chidali pamlomo panga, mpweya uli wokonzeka, maso anga ali pa chigongono cha abambo. Chidali pansi, chomatirira kunthiti. Amalume adandipondanso, mwamphamvu. Ndidaganiza za adzukulu amene adakhala kutsogolo, ndidaganiza za manyazi. Koma ndidaganizanso kuti munthu uyu adalandidwa kale khasu, njinga, ngakhale kamtunda ka kutchalitchi, ndipo chimene chidamutsalira n'kunena yekha kuti apa ndalephera. Sindidalowe.

Chingwe chidaduka.

Chimene chidamveka m'malo mwake ndi chifuwa cha abambo. Kakhweru kaja, kamene ife tidakazolowera kunyumba, kadamveka holo yonse, akukoka mpweya umene sunkabwera. Adali ataweramira kutsogolo, chitoliro chikadali pamlomo, zala zili pamabowo. Anthu a kwathu sadziwa kukhala ndi chete wotere. Kwa ife nyimbo ikasiya kulira ndiye kuti yatha, ndipo munthu wamkulu akavutika pagulu umamuphimba msanga. Bambo wina adayamba kuomba m'manja, ena adatsatira, ndipo mayi wina adayamba nthungululu. Ankachita mwachifundo, ndikudziwa. Koma ndidaona mapewa a abambo akugwa, ndipo ndikadakhala ndi mwala ndikadagenda.

"Sanamalize."

Adali amayi. Sadakuwe. Adangoimirira kumbuyo kuja, fulasiki ili m'manja, n'kunena ndi mawu amene ankatiletsera phokoso tili ana. Manja ena adapitiriza pang'ono, ndipo amayi adabwereza. "Ndati sanamalize. Dikirani."

Anthu adasiya. Mayi wa nthungululu uja adagwira pakamwa. Tidadikira tonse, holo yathunthu, tikumvetsera munthu mmodzi akufunafuna mpweya. Sindidziwa kuti zidatenga nthawi yaitali bwanji. Madontho ankagwa kuchoka pamalata kunja. Abambo adawongoka pang'onopang'ono, adakoka kamodzi, adakokanso, ndipo liwu lidatuluka. Lidali laling'ono, lokhala ndi mphepo yambiri kuposa nyimbo, koma lidali liwu lomwe lija, osakwera osatsika. Adaligwira kanthawi kochepa. Kenako chigongono chidakwera.

Ndidalandira. Ndidaligwira mpaka mpweya wanga wonse kutha, misozi ikulowa m'kamwa, ndipo nditasiya palibe adaomba m'manja mpaka amayi atakhala pansi.

Pobwerera msuweni wanga ankakankha njinga abambo atakwera, amayi akuyenda pambali atagwira bulangete kuti lisakodwe m'masipoko.

"Mwakhutira?" adafunsa amayi.

"Mudamva mmene ndidalowera kachiwiri kaja?"

"Ndidamva kutsokomola. Imwani tiyi."

Kwa ine abambo sadanene chilichonse za tsikulo, zabwino kapena zoipa. Adangondipempha madzulo ake kuti ndiwapukutire chitoliro, chinthu chimene sankalola munthu kuchita. Amalume adakhala milungu osandilankhula. Atayambanso adati ndidaika nkhalamba pamoto chifukwa cha mwano wa banja lathu, ndipo mpaka lero amakhulupirira zimenezo. Ine ndimawauza kuti chala chimene adandiponda chija chidachira, iwo achirenso.

Abambo sadaimbenso. Nyengo yotentha idawapatsa mpumulo pang'ono, ankakhala pakhonde kuyang'ana anthu opita kumsika. Mvula itagwa adagona, ndipo adamwalira chimanga chili m'mawondo. Popita kumanda ndidayenda kumbuyo kwa bokosi ndikuona amuna akulandirana, wina akulowetsa phewa mnzake asanachotse lake, bokosi osaima, osatsika. Ndidaziona kambirimbiri pamaliro a ena, koma tsiku limenelo ndidalephera kuyang'ana.

Amalume adabwera ndi kabokosi kawo kumaliro. Adapempha kuti atatufe tiimbe Chingwe pamanda, ndipo adalira popempha. Amayi adakana. Adati, "Achimwene, lamulo lake mukulidziwa. Idaimbidwa kale." Munthu amene adadana ndi zitoliro moyo wake wonse ndiye adakhala mlonda wa lamulo lathu. Choncho nyimbo ija sidaimbidwenso, ndipo sidzaimbidwanso. Gulu lidakalipo mwa dzina. Tidayesa chaka chotsatira ndi nyimbo zatsopano, anthu adabwera, adaomba m'manja moyenera, koma ine ndinkangoyang'ana kumanzere kwanga kudikira chigongono. Sindikudziwa ngati chaka chino tibwereka holo.

Chimene chidatsala ndi zimene idajambula foni ya msuweni wanga. Adanditumizira, ndipo nditamvetsera ndidakhumudwa. Foniyo idali pafupi kwambiri ndi abambo, moti zitoliro zathu zimamveka patali ngati zili kumudzi wina. Chomveka bwino ndi kupuma kwawo, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndidafuna kufufuta. Sindidawauze amayi kuti ndili nazo, chifukwa ndinkaganiza kuti adamva kupuma kumeneko mokwanira. Kwa zaka zambiri ankadandaula kuti chifuwa cha abambo sichiwagonetsa.

Koma amayi adamva za foniyo kwa msuweni wanga, amene pakamwa pake sipakhala chinthu. Loweruka lina masana tikusankha mbewu ya kachewere pakhonde, amayi adati, osandiyang'ana, "Akuti uli ndi nyimbo ija m'foni."

"Sidajambulike bwino, amayi. Zitoliro sizikumveka."

"Ndani wafunsa zitoliro?"

Ndidapukuta manja n'kuiyatsa. Adamvetsera akupitiriza kusankha, yowola uku, yabwino uku. Titafika pamene chingwe chidaduka, manja awo adaima. Kakhweru kaja kadadzaza khonde lonse, monga kankachitira kale. Kenako kudamveka kuomba m'manja, ndi mawu awo omwe chapatali.

"M'nyumbamu mwachita zii kwambiri," adatero. "Sindigona."

Adatola mbatata imodzi, n'kuitembenuza, n'kuibwezera pamene adaitola.

"Bwezera," adatero. "Osati poyamba. Pamene akupumapo."

Ndidabwezera. Mpaka lero ndikapita kwathu Loweruka, ndimaonetsetsa kuti foni ili ndi moto.